Mzere Wachikasu Wosapukutika

Chipinda chimene mayiwo ankagwiramo ntchito chinali pansi penipeni pa sukulu ya madokotala, kumapeto kwa khonde lalitali limene magetsi ake ankaphethira ngati munthu wa tulo. Munalibe zenera lotseguka. Munali mashelefu achitsulo kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo pamashelefupo panandandalikidwa mabotolo agalasi, ena aang'ono ngati a mafuta odzola, ena aakulu ofunika kuwanyamula ndi manja awiri. M'botolo lililonse munali chiwalo cha munthu amene anamwalira kalekale: impso, chidutswa cha mapapo, mtima wotsegulidwa pakati, zonse zitamira m'madzi a mankhwala oletsa kuwola, amene fungo lake limaluma m'maso. Ophunzira udokotala ankalowa m'menemo kudzaona ndi maso matenda amene anawawerenga m'mabuku. Pochoka ankasiya zizindikiro za zala pagalasi, ndipo wozipukuta anali mayiwo. N'chifukwa chake ophunzirawo anawapatsa dzina lakuti Mayi Mabotolo, ndipo dzinalo linakakamira mpaka alonda a pageti analiloweza.

Anzawo okolopa ankachikana chipindacho.

"Inu mumadya bwanji mukatuluka m'menemo?" anawafunsa mnzawo wina tsiku lina, akutsuka chokolopera pampopi.

"Ndi pakamwa, monga mwa nthawi zonse," iwo anayankha. "Ndipo anthu a m'mabotolowa ndi aulemu kuposa a m'maofesi mwanu. Sanapondepo pamene ndangokolopa kumene."

Nthabwala zoterezi anaziphunzira kwa mwamuna wawo. Asanayambe ntchito pasukulupo anali mkazi wa telala, bambo amene ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu, tepi ili pakhosi, ndudu ili pakona ya mlomo. Telalayo ankatha kuyeza chiuno cha munthu ndi diso lokha, n'kumuseketsa mpaka aiwale kuti wanenepa. Anali wa thupi labwino, wa zaka makumi anayi ndi zingapo, ndipo anali asanagonepo m'chipatala. M'mawa wina anamwa tiyi amene mkazi wake anamuthirira, anaika kapu patebulo, ananena kuti tiyi wa lero wamutentha pachifuwa, kenako anadzuka kuti atenge jekete, n'kugwera pakhomo. Pofika naye kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Dokotala amene anamuona anati ndi mtima.

Mlongo wake wa telalayo sanalilandire yankho limenelo.

"Mtima wa munthu suima wokha ngati wotchi," anatero pamaso pa abale, mawu ali otsika bwinobwino. "Dzulo amaseka. Lero wamwa tiyi, wagwa. Ine ndikungofunsa kuti anathira tiyiyo ndani."

Linali funso losafuna yankho. Panalibe m'bale ndi mmodzi yemwe amene anapempha kuti thupi lipimidwe, pakuti kupima kukanatha kuwalanda mlandu umene anali ataukonda kale. Imfa yodzidzimutsa imawawa, ndipo anthu akawawidwa amafuna nkhope yoti ayiloze, ndipo nkhope yapafupi, yopanda woyiteteza, kawirikawiri imakhala ya mkazi amene anagwira ketulo. Abalewo anatenga makina osokera, anatenga bedi ndi mipando, ndipo pomaliza anatenga mwana. Mwanayo anali mmodzi yekha, mnyamata amene kuyambira ali wamng'ono ankapitirira anzake onse msinkhu, mwakuti aliyense ankangomutchula kuti Wamtali. Azakhali akewo anamulera. Tisawanamizire: anamudyetsa bwino, anamuveka, anamuphunzitsa sukulu. Koma pa chakudya chilichonse ankawazapo mawu amodzimodzi aja ngati mchere, mpaka mwanayo anawazolowera kukoma kwake.

Wamtali anakula, anakhala dalaivala wa lole, anakwatira. Koma iye sanawataye mayi ake. Ankabwera kudzawaona m'kanyumba kawo ka chipinda chimodzi, atanyamula sopo kapena paketi ya shuga, n'kukhala kumphepete kwa mpando ngati munthu woyembekezera basi. Ankawapatsa moni mwaulemu, ankafunsa za miyendo yawo. Chinthu chimodzi chokha ndicho sankachita: sankalandira chakudya kapena chakumwa chilichonse chochokera m'manja mwawo.

"Ndadya kale, Amayi."

"Nanga madzi okha?"

"Ndili nawo m'galimoto."

Iwo ankathirabe tiyi, n'kuika kapu pafupi ndi bondo lake, ndipo kapuyo inkazizira pamenepo, mkaka n'kuchita khungu pamwamba. Mwanayo akapita ankamwa okha tiyi wozizirayo ataimirira, kuti asatayike. Sanamufunsepo chifukwa chake, ndipo iye sanawanenepo mlandu ndi pakamwa. Kapu ija ndiyo inkalankhula m'malo mwa onse awiri.

Chaka chimene nkhaniyi inachitika, mkazi wa Wamtali anali woyembekezera. Wamtali anabwera kudzanena uthengawo, maso ali pansapato zake. Anati azakhali anena kuti mwana akabadwa agogo ake adzabwere kudzamuona ndithu, adzamunyamule, koma za sipuni ndi kapu azisiyire ena. Mayi Mabotolo anagwedeza mutu ngati auzidwa mtengo wa malasha. Iye atatuluka anakhala pabedi nthawi yaitali, manja ali pamiyendo, akuwayang'ana ngati manja a munthu wina.

Woyang'anira chipinda cha mabotolo anali dokotala wachikulire, mayi wa imvi zometedwa mofupika, amene moyo wake wonse anaugwiritsa ntchito yofufuza chimene chapha anthu. Madzi a m'mabotolo akayamba kuda ankawasintha yekha. Koma manja ake anali atayamba kunjenjemera, ndipo tsiku lina anapempha Mayi Mabotolo kuti azimuthandiza. Anawaveka magolovesi, chophimba kumphuno ndi magalasi otchinga maso, n'kuwaonetsa momwe chivundikiro chimatsegulidwira, momwe chiwalo chimatulutsidwira n'kugonekedwa m'mbale yachitsulo, ndi momwe botolo limatsukidwira lisanadzazidwenso. Mayiwo anamva ngati akwezedwa pantchito, ngakhale malipiro sanasunthe.

M'mawa wina dokotalayo anatulutsa chinthu m'botolo lina laling'ono, anachigoneka m'mbale, kenako anaitanidwa kufoni kuofesi yakumtunda. Mayi Mabotolo anatsala okha. Anatsuka botolo, analipukuta, ndiyeno anayang'ana m'mbalemo. Munali kachidutswa kotalika ngati chikhatho, kong'ambidwa m'litali n'kuyalidwa, koyererako, kosalala ngati nsalu yam'kati mwa jekete yabwino. Mkazi wa telala sakanalephera kusirira kusalala kotero. Koma pansalu yokongolayo panali timizere tachikasu, topyapyala, totsatana m'litali, tofanana ndi banga limene mafuta a makina amasiya pamalaya oyera.

Mayiwo anaweramira pafupi. Anakumbukira kuti botolo limeneli ndi limene analipeza mwezi wathawo chivundikiro chitakhwepa, ndipo iwo anangochimanga osauza munthu. Anaganiza kuti madzi akuda aja ndiwo adetsa chiwalocho, ndiponso kuti vutolo ndi lawo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akupatsidwa mlandu safunsa kawiri akaona banga. Amangodziwa kuti ndi lake. Anatenga thonje, analinyowetsa, n'kupukuta kamzere kamodzi pang'onopang'ono. Sikanachoke. Anatembenuza thonjelo, anapukutanso motsindika pang'ono. Kamzereko kanali pomwepo, kowala bwinobwino ngati kakuwaseka.

"Mayi, mukumuchita chiyani wodwala wanga?"

Dokotala anali ataima pakhomo. Thonje linagwa m'manja.

"Pepani, adokotala. Ndimati ndichotse kabangaka musanabwere. Ndine ndinachititsa, chivundikiro chija chinakhwepa ndipo sindinanene. Koma sindinang'ambe, onani nokha."

Dokotalayo anayandikira, anaweramira m'mbalemo, anayang'ana thonje, anayang'ana mayiwo, kenako anayamba kuseka mpaka anachita kukhala pampando, akupukuta misozi ndi mkono chifukwa manja anali m'magolovesi.

"Mukanakachotsa, bwenzi mawa tonse tikugwira ntchito kwa inu," anatero. "Anthu ophunzira a m'mayiko onse akhala akufunafuna chopukutira chimenecho kuyambira ine ndisanabadwe. Musaope, simunawononge kanthu, koma musadzabwerezenso. Bwerani kuno. Pitirizanipo chala, mofatsa. Mukumva chotupa?"

"Ayi. Ndi posalala."

"Ndi posalala chifukwa banga limeneli silili pamwamba. Lili m'kati mwa khoma."

Anawafotokozera pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi ophunzira a chaka choyamba. Kachidutswako kanali mbali ya mtsempha waukulu umene umatulutsa magazi mumtima n'kuwagawira thupi lonse. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi, ndipo magazi amatsetsereka pamenepo usana ndi usiku. M'magazimo mumayenda tinthu ting'onoting'ono tonyamula mafuta, ndipo thupi limatifuna ndithu. Koma m'malo ena, makamaka pamene mtsempha ukukhota kapena kugawika, tina mwa tinthuto timadutsa kakhungu kaja n'kukakamira m'khoma. Thupi likazindikira limatumiza maselo ake oyera, aja anthu amawatcha asilikali a m'thupi, kuti akachotse. Maselowo amalowa m'khomamo, amameza mafutawo, amamezabe, mpaka amatupa n'kuoneka ngati thovu la sopo. Ambiri satulukamonso. Akaunjikana, ndiwo mzere wachikasu uja.

"Ndiye kuti chachikasuchi ndi okolopa," anatero mayiwo mwakachetechete.

"Mungatero. Okolopa amene anatumidwa n'kuiwalika komweko."

Dokotalayo anawatengera kumakina oonera zinthu zing'onozing'ono, anaikamo kagalasi kokhala ndi kachidutswa kena kopakidwa utoto, n'kuwauza kuti atseke diso limodzi. Poyamba anangoona nsidze zawo zomwe. Kenako kuwala kunakhazikika, ndipo anaona dziko limene sankadziwa kuti lilipo: mizere yofiirira yoyalana mwadongosolo ngati nsalu zopindidwa pashelefu ya sitolo, ndipo pansi pa mzere wapamwamba panali timatumba tozungulira, totuwa, todzaza timadontho, tothinana ngati anthu obisala mvula pakhonde limodzi. Mayi Mabotolo anayang'anitsitsa. Zaka zonsezi ankapukuta kunja kwa magalasi, osadziwa kuti m'kati mwa chinthu chochepa ngati chikhadabo muli khamu lotere, lililonse pantchito yake, losayamikiridwa ndi munthu.

Atadzuka pamakinapo anafunsa kuti mwini mtsemphawo anali nkhalamba ya zaka zingati. Dokotalayo anatembenuza botolo kuti aone kapepala komatidwa kumbuyo.

"Mtsikana. Zaka khumi ndi chimodzi. Anagundidwa ndi galimoto popita kusukulu."

"Kamwana? Kanali konenepa?"

"Sizinalembedwe, ndipo sizifunika kutero. Timizere timeneti timapezeka mwa ana ambiri, oonda ndi onenepa omwe. Inu muli nato, ine ndili nato. Sitipweteka, sititseka njira ya magazi, ndipo mwa anthu ambiri timangokhala choncho mpaka ukalamba. Nthawi zina timachepa. Koma mwa ena ndi chiyambi cha ulendo. Tandithandizeni kutsitsa mabotolo atatu awo."

Anawandandalika patebulo motsatira zaka za eni ake. Pambuyo pa mtsikana uja panabwera mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo: timizere take tinali titachuluka, tina titalumikizana. Wachitatu anali bambo woyandikira zaka makumi anayi, ndipo pa iye chachikasu chija chinali chitatukumuka, chitaphimbidwa ndi chikhungu choyera cholimba ngati chipsera. Wachinayi sunali mtsempha waukulu, unali mtima wathunthu, ndipo pamwamba pake panali kamtsempha kochepa ngati chingwe cha nsapato, kamene kamadyetsa mtimawo. Kanali kotsegulidwa ndi lumo, ndipo m'kati mwake chotupa chija chinali chitang'ambika, magazi n'kuundana pamenepo, kutseka njira yonse ndi kachibuluma kakuda kosaposa njere ya mpunga.

"Kuchoka apa kufika apa," anatero dokotalayo, chala chikuyenda kuchokera ku botolo loyamba mpaka lotsiriza, "pamatenga zaka makumi atatu, makumi anayi. Fodya amafulumizitsa. Kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, zakudya zina, ndi magazi a kumtundu, zonse zimakankhako. Koma chotsirizachi, kung'ambikaku, chimachitika pa kamphindi. Munthu amadzuka bwinobwino, amavala, amagwa."

Mayi Mabotolo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ngakhale atangomwa tiyi?"

Dokotalayo anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi ake. Anali atamvapo mbiri yawo m'makonde, pakuti m'nyumba zazikulu nkhani za anthu aang'ono zimayenda msanga kuposa malipiro awo.

"Mtima wa amuna anu sindinauone, mayi, ndipo sindingalumbire pa chinthu chimene sindinachione. Koma anthu ogwa choncho ndawatsegula ambiri. Ena anagwa atamwa tiyi, ena akumanga nsapato, wina akuimba m'kwaya. Sindinamvepo kuti kwaya yaimbidwa mlandu."

Madzulo a tsikulo mayiwo sanakwere basi. Anayenda wapansi, ndipo msewu umene ankaudziwa ngati chikhatho chawo unaoneka wachilendo. Wogulitsa nyuzipepala, wapolisi wapamphambano, atsikana a sukulu okankhana pogula maswiti, aliyense anali atanyamula m'kati mwake mitsinje yofiira yosagona, yokhala ndi makoma osalala kuposa nsalu iliyonse imene mwamuna wawo anaigwirapo, ndipo m'makomamo timaselo tinali pantchito, mwini wake osadziwa, osathokoza. Anaganiza za telala wawo ali kamnyamata ka kabudula wong'ambika, zaka zambiri iwo asanamuone, asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu wotere, ndipo mwina kamzere kaja kali kale m'chifuwa mwake, kopyapyala ngati ulusi. Anaima pafupi ndi mpanda wina. Chinthu chimene mwina chinayenda zaka makumi anayi mwakachetechete, abale anachiweruza pa kapu imodzi, ndipo chigamulo chinatuluka maliro asanathe.

Sanadzinamize kuti iwo analibemo dzanja ngakhale pang'ono. Ankamukazingira mwamunayo zimene ankakonda, mafuta osaumira, mchere wokwanira bwino. Akawatuma ndudu ankakagula. Koma zimenezo ankazichita ndi chikondi, poyera, ndipo iwonso ankadya m'mbale yomweyo. Umenewo sunali mlandu umene abale anawapatsa, wakuti anathira poizoni m'tiyi.

Anapempha chilolezo kwa dokotala wa imvi, ndipo iye anavomera, bola mlendoyo asagwire kanthu. Kenako anaimbira Wamtali.

"Ndikufuna udzaone kumene ndimagwira ntchito. Loweruka m'mawa."

"Kuli chiyani, Amayi? Loweruka ndimatsuka galimoto."

"Chibadwire chako ndinakupemphapo chiyani?"

Wamtali anati abwera.

Mlonda wa pageti atawaona akulowa awiri anakweza chipewa. "Mayi Mabotolo, ili ndiye botolo lanu lalikulu? Limeneli pashelefu silikwana."

"Ndinalipanga ndekha," iwo anayankha, "ndipo silinaswekepo."

Wamtali anamwetulira pang'ono, koma atatsika masitepe n'kulowa m'chipindamo kumwetulirako kunatha. Anaweramitsa mutu pakhomo, anatseka mphuno ndi chipewa, maso akuyendayenda m'mashelefu. Patebulo panali mabotolo anayi aja, mayi ake atawandandalika kale.

"Mwandiitanira kudzaona nyama za m'mabotolo?"

"Ndi anthu awa. Uwapatse ulemu, ali ndi amayi awo. Yandikira, sakuluma."

Anamuonetsa botolo loyamba. Anamuuza momwe anatengera thonje kuti apukute, ndi momwe adokotala anawasekera. Anamuuza za kakhungu kopyapyala, za mafuta olowa m'khoma, za timaselo tomeza mpaka kutupa. Sanagwiritse ntchito mawu a m'mabuku, chifukwa sankawadziwa. Anamuuza zaka za mtsikanayo, ndipo anaona mwana wawo akuweramira pafupi ndi galasi, chipewa chitatsika pamphuno.

"Khumi ndi chimodzi?"

"Werenga wekha, sukulu unapita ndi iwe."

Anapita ku botolo lachiwiri, kenako lachitatu. Pa lachinayi anamulozera kachibuluma kakuda kaja ndi nsonga ya pensulo, osakhudza galasi. Wamtali anaongoka, nkhope itauma.

"Ndiye mukufuna kunena kuti abambo anafa ndi chimenechi."

"Sindikunena. Sanawatsegule, ndipo amene akanapempha kuti awatsegule sanafune. Ine sindikudziwa, azakhali akonso sakudziwa. Ndangofuna uone kuti msewu wopita ku imfa yotere ndi wautali bwanji, chifukwa iwe unangouzidwa za pothera pake."

"Koma munthu sangakhale ndi chinthu chotere osamva kanthu. Abambo sankadwala."

"Awa oyambawa samva chilichonse. Wotsirizayu, adokotala akuti ena samva, ena amamva. Akuti chimafinya pachifuwa munthu akamakwera chitunda kapena masitepe, ngati wina wamukhalira. Akaima pang'ono chimasiya, ndiye amati ndi mpweya wa m'mimba."

Wamtali anayang'ana mtima wa m'botolowo, koma maso ake anali atapita kwina. Mufiriji ya pakona munkamveka kulira kwa injini. Pamene analankhula, mawu ake anali a munthu amene akuwerenga chikwangwani chakutali.

"Pa mlatho wa pamwamba pa njanji paja. Masiku opanda sukulu ndinkawanyamulira mtolo wa nsalu popita kusitolo. Tikafika pakati pa masitepe ankaima. Ankati, tiye tione sitima." Anatembenukira kwa mayi ake. "Sitima kunalibe, Amayi. Ine ndinkayang'ana uku ndi uku, njanji ili mbee. Iwo atagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linali lili apa, pansi pa tepi."

Anaika chikhatho pachifuwa pake.

"Kangati?" anafunsa mayi ake.

"Chaka chonse chotsirizacho. Tsiku lina ndinawafunsa. Anati ndi mpweya, ndipo usawauze amako, angandilande fodya. Anandigulira chingamu." Anaseka kuseka kopanda mawu. "Ndinkaganiza kuti ndi chinsinsi cha amuna. Sindinaziikepo pamodzi ndi tsiku lija. Palibe anandifunsa."

Mayi Mabotolo anakhala pampando wa adokotala, umene anali asanaukhalepo. Zaka zonsezi umboni umene ukanawathandiza unali m'mutu mwa mwana wawo yemwe, utakulungidwa m'pepala la chingamu, ndipo akuluakulu amene anali otanganidwa kugawana mipando sanaone chifukwa chofunsira mwana chimene anaona. Anafuna kukwiya, ndipo anali ndi ufulu wonse wokwiya. Koma chimene chinawadzaza chinali china: chithunzi cha mwamuna wawo ataima pamlatho, akunamizira sitima, mtima wake ukupempha magazi kudzera pa kanjira kotsala ngati diso la singano, ndipo mtimawo n'kumugwirirabe ntchito chaka chathunthu, kumukweza masitepe, kumusoketsa masuti a maukwati a anthu, kumubweza kunyumba madzulo aliwonse.

"Mtima wa abambo ako uja unali wolimba," anatero. "Ndinkaganiza kuti unatithawa. Kani unatipirira."

Dzanja la Wamtali linali likadali pachifuwa, ndipo pansi pa chikhathocho, m'thumba la malaya, munali paketi ya ndudu. Anaikhudza, anazindikira chimene wakhudza, ndipo anayang'ananso botolo lachiwiri, la mnyamata wa msinkhu wake.

"Nanga wanga uli pati pamenepa?"

"Wako sindinauone," anayankha mayi ake, "ndipo ndimapemphera kuti ndisadzauone. Amene ndimawaona ine ndi amene afika kale m'botolo. Kumtundaku kuli anthu oyeza amoyo. Ukapite akakuyeze magazi. Za m'thumbazo ukudziwa wekha."

Mayiwo anabweza mabotolo pashelefu limodzilimodzi, iye ataima manja kumbuyo monga anauzidwira. Kenako anazimitsa magetsi, anakhoma chitseko, n'kulowa m'kachipinda ka okolopa kamene kanali pafupi ndi masitepe, mmene munali zidebe, sinki ndi benchi. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Inali nthawi yawo ya tiyi. Anatulutsa fulasiki m'chikwama, anatsuka kapu yawo ya pulasitiki yobiriwira, anathira, n'kukhala pabenchi. Kwa nthawi yoyamba chichokereni mwanayo m'nyumba mwawo, sanamufunse ngati amwe. Anali atatopa ndi kufunsa, ndipo anali atanena zonse zimene anali nazo.

Wamtali anaima pakhomo, mutu utatsala pang'ono kugunda pamwamba, akutembenuza chipewa m'manja. Makina osokera aja anali akadali kwa azakhali ake, ndipo palibe botolo limene likanawabweza. Zaka zimene mayi ndi mwana anadyera kosiyana zinali zitapita. Mawu opepesa sanabwere. Mwina anali aakulu kwambiri moti sakanadutsa pakhosi tsiku limodzi.

"Kapu ndi imodzi yokha?" anafunsa.

"Imodzi. Alendo safika kuno."

Anakhala pabenchipo, benchi n'kulira. Anatambasula dzanja. Mayi ake anayang'ana dzanjalo, lalikulu, la zikhadabo zakuda ndi girisi, kenako anaikamo kapuyo. Iye anauzira kawiri, monga ankachitira ali mwana, n'kumwa.

"Shuga mulibe umu."

"Alimo wochepa. Adokotala amakalipa."

"Ndiye shuga amene ndimakubweretserani uja mumapita naye kuti?"

"Ndimasunga. Mdzukulu wanga adzafuna phala."

Wamtali sanatsutse. Anamwanso, mutu utapendekera kumbuyo, ndipo mayi ake, amene tsopano ankadziwa poyang'ana, anaona pambali pa khosi lake, pansi pa chibwano, kamtsempha kakudumpha pansi pa khungu. Kankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mosafulumira, monga kanayambira m'mimba mwawo iwo asanamuone nkhope. Anakayang'anitsitsa mpaka kapu inatha.